Adapambana M'dziko Lonse la Canada, Koma Adalibe Bwalo Laolao

Pakati pa chaka cha 1931 ndi cha 1940, m'tauni yaing'ono ya Preston, m'chigawo cha Ontario ku Canada, mudali timu ya atsikana imene mbiri ya kupambana kwake njovuta kuikhulupirira. Dzina lake lidali Preston Rivulettes, ndipo masewera ake adali a hockey wa pa madzi oundana. Olemba mbiri amayerekeza kuti m'zaka khumi zimenezo timuyi idalowa m'bwalo pafupi-fupi ka 350, ndipo idagonja kawiri kokha, nkulepherana ndi anzake katatu. Idatenga ukatswiri wa chigawo cha Ontario zaka khumi zotsatizana, ndiponso wa dziko lonse la Canada kanayi. Komabe nkhondo itafika pakati timuyi kudalibe, ndipo padapita zaka makumi angapo anthu ambiri a m'dziko lomwelo osalidziwa ngakhale dzina lake.

Nanga timu yosagonja chotere imafa bwanji? Yankho limene limaperekedwa kawiri-kawiri nlakuti idaphedwa ndi Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse. Yankholi lili ndi choona chake, koma nlosakwanira, pakuti nkhondo yomweyo siidaphe hockey wa amuna. Chimene mbiri ya atsikana a ku Preston iphunzitsa nchakuti luso palokha silisunga timu. Timu imasungidwa ndi zinthu zimene woonerera saziona pa tsiku la mpikisano: bwalo limene ili nalo ufulu, thumba la ndalama, bungwe lamphamvu loiimirira, kaundula wa zochita zake, ndi ana amene akukonzedwa kudzalowa m'malo mwa akulu. Zambiri mwa izi atsikana a ku Preston adalibe, ndipo zikho zao zonse sizidathe kuwagulira.

Poyamba nkofunika kulongosola masewerawo, popeza owerenga ambiri sadawaonepo ndi maso. Ku Canada, kuyambira mwezi wa Disembala mpaka wa Malichi, kumazizira kotero kuti maiwe ndi mitsinje zimauma pamwamba nkukhala gwa ngati thanthwe. Pa madzi oundana otero munthu amavala nsapato zokhala ndi chitsulo chopyapyala chonga mpeni kunsi kwake, ndipo amatsetsereka nazo pa liwiro la munthu wopalasa njinga mwamphamvu. Mbali iliyonse imakhala ndi osewera asanu ndi mmodzi, kuphatikizapo wotchinga pagolo. Aliyense amagwira ndodo yokhota kumapeto, ndipo m'malo mwa mpira amalimbirana kachimbale kakuda ka mphira wolimba, kokwana m'chikhatho, kolemera magalamu pafupi-fupi 170. Bwalo lake nlotalika mamita pafupi-fupi 60, nkutambalala mamita 26, ndipo nlozingidwa ndi mpanda wa matabwa. Mpira wamiyendo ungathe kuseweredwa pa dambo lililonse, koma mpikisano weni-weni wa hockey umafuna nyumba yapadera yokhala ndi madzi oundana osalala bwino, ndipo nyumba yotero ili ndi mwini wake amene amagulitsa nthawi yake pa ola. Wosunga makiyi a nyumbayo ndiye amagamula za amene asewere ndi amene adikire.

Akazi a ku Canada sadachedwe kugwira ndodo. Pali chithunzi cha m'ma 1890 choonetsa Isobel Stanley, mwana wamkazi wa Bwanamkubwa Lord Stanley, akusewera ndi anzake ku Rideau Hall, mu mzinda wa Ottawa. Atate akewo ndiwo adapereka chikho cha Stanley Cup, chimene amuna akulimbiranabe mpaka lero. Mu 1922 akazi a ku Ontario adakhazikitsa bungwe lao lotchedwa Ladies Ontario Hockey Association, koma chaka chotsatira bungwe lalikulu loyang'anira masewerawa m'dziko lonse, la Canadian Amateur Hockey Association, lidakana kuvomereza hockey wa akazi. Motero akazi adaloledwa kusewera, koma kunja kwa mpanda, ndi ndalama zao ndiponso pa nthawi imene amuna asiya.

Umu ndimo zinthu zidalili pamene timu ya ku Preston inkabadwa. Tauni ya Preston ili pamene mtsinje wa Speed ukumana ndi wa Grand, makilomita pafupi-fupi 100 kumadzulo kwa Toronto, ndipo pa nthawiyo idali ndi anthu ongopitirira pang'ono 6,000. Mudali timu ya atsikana ya masewera a softball, amene amachitika m'nyengo yotentha, ndipo mwa osewera ake mudali apachibale awiri-awiri: Hilda Ranscombe ndi mbale wake Nellie, Marm Schmuck ndi mbale wake Helen. Atsikanawa adafuna masewera owasunga pamodzi m'miyezi ya chisanu, nasankha hockey. Adaitana anzao, napempha bambo wina dzina lake Herb Fach kuti aziwaphunzitsa, nayamba kukonzekera m'nyumba ya masewera ya pa Lowther Street. Nellie adakhala wotchinga pagolo. Hilda, amene adabadwa mu 1913, adakhala kaputeni, ndipo liwiro lake ndi ukadaulo wake poyendetsa kachimbale ndi ndodo zidampangitsa kutchedwa katswiri woposa onse mwa akazi a nthawi yake. Palibe mmodzi yemwe amene ankalandira malipiro. Ena adali pa sukulu, ena pa ntchito, ndipo hockey adali wa madzulo ataweruka.

Chaka chao choyamba chomwecho, cha 1931, adalowa mumpikisano wa Ontario nautenga. Kuyambira pamenepo m'chigawo chonsecho simudapezekenso timu yotha kuwalanda ulemuwo. Masewera ao sadali achibwana ai. M'zaka zimenezo akazi ankaloledwa kugundana ndi matupi monga momwe amachitira amuna, ndipo zovala zodzitetezera zidali zochepa kwambiri poyerekeza ndi za masiku ano.

Mu 1933 kudakonzedwa kwa nthawi yoyamba mpikisano wofuna akatswiri a dziko lonse, pakati pa opambana a kum'mawa ndi a kumadzulo. Atsikana a ku Preston adakwera sitima ya pamtunda ulendo wa makilomita oposa 3,000 kupita ku Edmonton, m'chigawo cha Alberta, kukakumana ndi timu ya Edmonton Rustlers. Adafika otopa, ena akudwala chimfine, ndipo adagonja masewera onse awiri, alionse ndi chigoli chimodzi chokha. Kugonja kuwiri kumeneku ndiko kumawerengedwa m'mbiri yao yonse. Koma chimene chidachitika chaka chotsatira nchopweteka koposa. Mu 1934 timu ziwiri zomwezi zidayeneranso kukumana, koma ndalama za ulendo sizidapezeke, ndipo a Rustlers adasunga ukatswiri wao popanda kulowa m'bwalo. Mu 1936 vuto la ndalama lidawamananso a ku Preston mwai womwewo. Kawiri konse timu yoposa zonse kum'mawa kwa Canada idataya ulemu wa dziko chifukwa cha mtengo wa tikiti ya sitima.

Nzoona kuti zaka zimenezo zidali za usiwa. Chuma cha maiko ambiri chidagwa kuyambira mu 1929, ndipo pofika 1933 pafupi-fupi munthu mmodzi mwa anayi alionse ofuna ntchito ku Canada adali pa ulova. Koma usiwawo sudagwere onse mofanana. M'mwezi wa Novembala 1931, chaka chomwe a Rivulettes adayamba, mu Toronto mudatsegulidwa chinyumba chachikulu cha Maple Leaf Gardens, chomangidwira timu ya amuna ya Toronto Maple Leafs, chokhoza kulandira anthu oposa 12,000. Kuchokera m'nyumba imeneyo muulutsi Foster Hewitt ankalengeza masewera pa wailesi Loweruka lililonse madzulo, kotero kuti maina a osewera aamuna adalowa m'makomo ngakhale a kumidzi yakutali. Ndalama zidalipo ndithu. Eni ake adasankha kumene aziike. Pamene amuna ankamangiridwa nyumba, akazi ankapempha maola otsala, ndipo masewera ao ankasunthidwa pofuna kupereka malo ku timu za amuna ndi za anyamata.

Ngakhale zidali choncho, a Rivulettes adachita zimene adakhoza. Mu 1935 Lady Bessborough, mkazi wa Bwanamkubwa wa nthawiyo, adapereka chikho cha akatswiri aakazi a dziko lonse, ndipo a ku Preston ndiwo adayamba kuchinyamula atagonjetsa timu ya Winnipeg Eatons m'nyumba ya masewera ya ku Galt, tauni yoyandikana nao. Adachitenganso mu 1937, mu 1938 ndi mu 1939. Sadali okha pa nkhondo yaoyi. Bobbie Rosenfeld, amene adapata mendulo ya golide pa mpikisano wa Olympics wa ku Amsterdam mu 1928, adatsogolera bungwe la akazi la ku Ontario m'zaka zovutazo. Alexandrine Gibb ankalemba za masewera a akazi m'nyuzipepala ya Toronto Daily Star. Komatu onsewa adali anthu ochepa odzipereka, osenza ndi mitu yao denga limene likadayenera kukhala pa nsanamira. Munthu wodzipereka amatopa, amasamuka, amakalamba, ndipo akachoka palibe chotsala.

Nkhondo itaulika mu 1939, ulendo wa ku Ulaya umene unkakonzedwera timuyi udalephereka. Mafuta a galimoto adayamba kusowa, maulendo adavuta, osewera ena adalowa ntchito zothandiza pa nkhondo, ena adakwatiwa, ndipo m'masiku amenewo mkazi akalowa m'banja anthu ankayembekezera kuti ndodo aipachike. Timu zopikisana nazo zidatha imodzi-imodzi, bungwe la akazi la ku Ontario lidazirala, ndipo a Rivulettes nawonso adabalalika. Tsono ayerekezedwe ndi amuna. Iwonso adataya osewera ambiri amene adapita ku nkhondo, ndipo timu zina zidatha, koma ligi yao yaikulu ya National Hockey League siidaphonye chaka nchimodzi chomwe, ndipo chikho cha anyamata cha Memorial Cup chidalimbiranidwa chaka ndi chaka nkhondo ili mkati. Mphepo idaomba mitengo yonse, koma udagwa ndi umene mizu yake idali pamwamba. Nkhondo itatha mu 1945, amuna adabwerera ku nyumba zao za masewera, ku mabungwe ao ndi ku mabuku ao. Akazi adalibe kobwerera.

Wina angathe kutsutsa kuti eni nyumba za masewera sadalakwe, popeza adali pa malonda, ndipo wamalonda amapereka nthawi yabwino kwa amene amadzaza mipando. Mfundoyi njosayenera kuinyoza, pakuti nyumba yotero imadya ndalama zambiri, ndipo masewera wamba a akazi sankakoka anthu ochuluka monga a amuna. Koma wotsutsayo afunsidwe kuti chidayamba nchiti. Timu imene imapatsidwa bwalo pa ola loipa, imene wailesi siitchula, imene bungwe lalikulu lakana kuivomereza, singadzaze mipando. Kenaka kuchepa kwa oonerera kumatengedwa ngati umboni wakuti siyenera ola labwino. Kuteroko kuli ngati kumana mbeu madzi, nkumaidzudzula kuti siikubala. Ndipotu pamene a Rivulettes ankalimbirana chikho cha dziko ku Galt, anthu ankafika mwaunyinji. Oonerera adalipo, chidasowa ndi munthu wofuna kuwakulitsa monga adakulitsidwira a amuna.

Chotsatira cha kugwa kwa timuyi chidali kuiwalika, ndipo kukula kwa kuiwalikako kukuoneka pa nkhani ya mwana wina wa ku Toronto. Mu 1956 nyuzipepala zidadzaza ndi mbiri ya Abby Hoffman, mtsikana wa zaka 9, amene posowa timu ya atsikana adalembetsa m'ligi ya anyamata ndi dzina lakuti Ab Hoffman, tsitsi lake lili lalifupi. Adasewera bwino kotero kuti adasankhidwa kulowa m'timu ya opambana, ndipo chinsinsi chake chidaululika pamene adafunsidwa kalata ya kubadwa. Anthu adazizwa ngati kuti mtsikana wogwira ndodo ya hockey nchinthu chachilendo, chonsecho padali patangopita zaka 17 kuchokera pamene akazi a m'chigawo chomwecho adanyamula chikho cha dziko lonse. Hoffman pambuyo pake adathamangira Canada pa mipikisano inayi ya Olympics. Ngakhale chiwerengero cha masewera 350 chimene chatchulidwa poyamba chija nchongoyerekeza, ndipo ichi chokha chikuonetsa mmene zochita za akazi zinkasungidwira. Mbiri ya timuyi idachita kutoledwa pambuyo pake m'nyuzipepala zakale ndi m'makumbukiro a okalamba, monga adachitira Carly Adams m'buku lake la Queens of the Ice la mu 1911 kuonjezapo zaka zana, ndiko kuti la mu 2011.

Akazi adayenera kuyambiranso pansi. Mu 1975 kudakhazikitsidwa bungwe la Ontario Women's Hockey Association, ndipo ulendo uno ntchito idayambira pa timu za ana ndi pa malamulo olembedwa. Mu 1990 ku Ottawa kudachitika mpikisano woyamba wa akazi wovomerezedwa ndi bungwe la hockey la dziko lonse lapansi. M'mwezi wa Febuluwale 1998, ku Nagano m'dziko la Japan, hockey wa akazi adalowa m'masewera a Olympics; United States idatenga golide, Canada siliva. Hilda Ranscombe adamwalira m'mwezi wa Ogasiti chaka chomwecho, ali ndi zaka 84, ataona ndi maso ake chimene iye adamanidwa. Ulemu wake udadza iye atapita. Adalowetsedwa mu Canada's Sports Hall of Fame mu 2015. Boma la Canada lidalengeza mu 2017 kuti mbiri ya a Rivulettes njofunika ku mtundu wonse. Ndipo timu yonse idalowetsedwa m'nyumba ya ulemu yomweyo mu 2022. Tauni ya Preston payokha idali italumikizidwa kale ndi Galt ndi Hespeler mu 1973 kupanga mzinda wa Cambridge. Ulemu wotero ngwabwino, koma madzi akatayika saoleka: m'badwo wathunthu wa atsikana udakula wopanda timu yolowamo.

Wina asaganize kuti phunziroli lidatha ndi nthawi ya sitima za malasha. Ligi ya Canadian Women's Hockey League, imene idayamba mu 2007, idali ndi akatswiri amene adapata mamendulo a golide pa Olympics, koma idatsekedwa mu 2019 chifukwa cha kusowa ndalama. Luso lidalipo lochuluka kuposa la mu 1934, koma nthenda idali yomwe ija. Chosiyana nchakuti ulendo uno osewerawo adazindikira gwero la nthendayo. Oposa 200 adagwirizana kuti sasewera m'ligi iliyonse ya ku North America mpaka patapezeka ina yokhala ndi maziko. Adapanga bungwe lao, nadikira zaka zinayi, nasainirana pangano la malipiro ndi la kasamalidwe ka osewera ligi yatsopano isadayambe nkomwe. Ligi imeneyo, ya Professional Women's Hockey League, idayamba ndi timu zisanu ndi imodzi pa 1 Januwale 2024, ndipo masewera oyamba, a Toronto ndi New York, adachitikira m'kati mwa chinyumba chakale chija cha Maple Leaf Gardens. M'mwezi wa Epulo chaka chomwecho anthu 21,105 adasonkhana ku Montreal kudzaonerera akazi. Mipando imene inkanenedwa kuti singadzaze idadzaza.

Owerenga sadzafunika kumanga nyumba ya madzi oundana kuti apindule ndi mbiri imeneyi, pakuti mafunso ake ngofanana paliponse pamene pali bwalo limodzi ndi timu ziwiri. Mphunzitsi woyang'anira masewera ndiye wosunga makiyi pa sukulu yake. Iye ndiye amalemba kuti bwalo nla yani Lachitatu madzulo, kuti mpira watsopano upita ku timu iti, ndi kuti ndalama za ulendo zikachepa atsale ndani. Zigamulo zotere zimaoneka zazing'ono, koma zikaunjikana zaka khumi zimasanduka chimene anthu amachitcha chilengedwe, namati atsikana alibe chidwi ndi masewera. Mphunzitsi yemweyo ayenera kusunga buku lolembamo tsiku la mpikisano, maina a osewera ndi zigoli, chifukwa timu yopanda buku imafa kawiri. Ayeneranso kuyang'ana ana a m'makalasi apansi pamene akulu akadali kupambana, popeza m'mera mpoyamba, ndipo tsiku limene akatswiri atsiriza sukulu silidziwitsa.

Kwa wachinyamata amene watsiriza sukulu nafuna kuyambitsa kalabu kwao, kaya ya masewera, kaya ya zisudzo, kaya ya kwaya, mau ake ngomwewa. Kusonkhanitsa anthu aluso nkosavuta, ndipo kupambana kumasangalatsa. Ntchito yotopetsa ndiyo yosankha msungichuma, kulemba malamulo, kupangana ndi mwini malo polemba pa pepala, ndi kuphunzitsa wina amene adzagwire ntchitoyo woyambitsa atachoka. Atsikana a ku Preston adachita mbali yao mopitirira muyeso, ndipo mlandu suli pa iwo. Uli pa akulu-akulu amene adaombera m'manja pa tsiku la chikho, koma osapereka ola labwino, tikiti ya sitima kapena tsamba m'kaundula. Aliyense amene lero ali ndi makiyi a bwalo m'thumba mwake aziwerengera yekha kuti mlungu wathawu adatsegulira yani, ndi pa ola liti.